Kwa mayi a ku Santhe amene akuopa kuchipinda

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, mayi. Mwati anakuchotsani chiberekero chifukwa cha khansa, papita miyezi isanu, koma bambo akangokukhudzani mumachita mantha. Mwafunsa ngati za kuchipinda zidzabwereranso.

Inenso ndinadutsa momwemo. Nditatuluka m'chipatala, bambo akunyumba anakayala mphasa pabalaza, pafupi ndi matumba a mtedza. Ankati akundipatsa mpata woti ndichire. Unatha mwezi, wachiwiri, wachitatu. Usiku ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa khoma, ine maso ali kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Zoona zake ndinadzazimva mochedwa: azakhali awo anawauza kuti akakhala nane malo amodzi atenga khansa, komanso kuti mkazi wopanda chiberekero ndi chigoba chabe. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Limeneli ndi bodza, ndikunena mosapsatira. Khansa sapatsirana ngati chindoko. Chopatsirana ndi kachilombo ka HPV kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo kamakhala kanalowa m'thupi zaka zambiri m'mbuyomo. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva makolo akubisa ana aakazi kuti asabayitse katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Alangizi athunso ndili nawo mawu. Pachinamwali amamasula zonse osachita manyazi, koma mayi akadwala chonchi onse zii. Ena amabwera ndi zitsamba zoumitsa kumusi, malo ouma kale, a zipsera! Musalole, mayi.

Tsono mutani?

Opaleshoni ikhoza kufupikitsa njira ya abambo pang'ono. Ngati anachotsanso mabasiketi a mazira, kumauma ndipo chilakolako chimatsika. Si kuti chikondi chatha. Kwa amene khansa yawo inawotchedwa ndi makina, njira imatha kuchepa, ndipo madokotala amapereka kachipangizo koitanulira. Nthawi zambiri amati mudikire masabata osachepera 6, koma akuoneni kaye ngati bala lapola. Gulani mafuta oterera ngati K-Y Jelly ku famase. Vaseline amang'ambitsa kondomu. Yambani pang'onopang'ono, inu mukhale pamwamba kuti muziwongolera nokha. Mukaona magazi kapena ululu wosatha, musazengereze kupita kuchipatala.

Ndipo ulendo wotsatira atengeni bambo, akamve ndi makutu awo. Anga ndinachita kuwakoka. Anakhala pabenchi chipewa chili m'manja, namwino akuwafotokozera zonse. Madzulo ake ndinawaona akupinda mphasa ija.