Ng'oma zolira ngati za soul ya m'ma 1960: yankho kwa m'bale wa ku Ndirande

Mnyamata wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Ali ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba, ng'oma zobwereka kutchalitchi, maikolofoni awiri a SM57 ndi interface (kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta) yolowa mawaya awiri basi. Akufuna kuti ng'oma zake zizimveka ngati za nyimbo zakale za soul, koma akuti akajambula zikungolira phokoso losokosera m'makutu. Funso lake ndi loti asunge ndalama agule maikolofoni ambiri oti ng'oma iliyonse ikhale ndi yake, kapena pali plugin (kapulogalamu kosinthira mawu pa kompyuta) imene ingamukonzere zonse.

Achimwene, ndalamazo zisungeni. Maikolofoni awiri muli nawowo ndi okwanira, ndipo mukawonjezera ena mudzatalikirana ndi kamvekedwe mukukafunako. Zimene mumamva m'nyimbo zija zinkapangika mawu asanafike n'komwe pa maikolofoni: m'manja mwa womenya, pa chikopa cha ng'oma ndi m'chipinda.

Choyamba dziwani kuti soul imene mukunena siinali ya mtundu umodzi. Ku Detroit, ku America, kunali kampani ya nyimbo ya Motown, imene Berry Gordy anayambitsa mu 1959. Situdiyo yake inali kachipinda kakang'ono kuseri kwa nyumba pa West Grand Boulevard, kamene oimba ankakatchula kuti Snake Pit. M'menemo munkamenya Benny Benjamin, Pistol Allen ndi Uriel Jones, nthawi zina awiri pa nyimbo imodzi, Jack Ashford ali pambali ndi tambourine. Ng'oma za kumeneko zimamveka zothwanima, zothamanga. Ku Memphis kunali kampani ya Stax, m'nyumba yakale yoonetseramo kanema pa McLemore Avenue, chipinda chachikulu chokhala ndi pansi potsetsereka. Kumeneko Al Jackson Jr. ankamenya snare (ng'oma yaing'ono ya mawaya kunsi) yonenepa, youma, yosachedwa kuzima. Ku Muscle Shoals, m'chigawo cha Alabama, kunali womenya ng'oma Roger Hawkins pa situdiyo ya FAME, kumene Aretha Franklin anakajambula mu 1967. Sankhani kaye kumene mukulowera. Kwa chipinda chaching'ono ndi zida zochepa, ine ndingakulangizeni njira ya Memphis, chifukwa kuumitsa ng'oma n'kosavuta kusiyana ndi kuzipatsa kuwala kumene zilibe.

Tiyambe ndi snare, popeza ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Chikopa chakale musachitaye. Ngati n'choyera chija chokhakhala pamwamba, ndipo chayamba kuda pakati, ndiye chabwino kuposa chatsopano cha m'sitolo. Khwefulani pang'onopang'ono, kuzungulira zomangira zonse mofanana, mpaka kulira kwa "ting'" kuthe, kutsale "dhu" wokhuthala. Al Jackson ankadziwika ndi kuika chikwama chake cha ndalama pamwamba pa snare. Akamenya, chikwamacho chinkadumpha pang'ono, ng'oma n'kulira, kenako n'kugweranso pachikopa n'kuzimitsa mawu. Amene munaonako akuluakulu akumata phula pakati pa ng'oma ya gule mukudziwa kale nzeru imeneyi: kulemera pang'ono pachikopa kumatsitsa mawu ndi kudula mchira wake. Yesani chikwama chanu, chiikeni cha m'mphepete kutali ndi pomenya. Chikapepuka, pindani kansalu mumate ndi tepi. Mawaya a kunsi musawakunge kwambiri, azinjenjemera pang'ono.

Kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi) ikhale ndi bulangeti lopinda m'kati, lokhudza chikopa chomenyedwacho, ndipo chikopa cha kutsogolo mukhoza kuchichotseratu. Ma tom (ng'oma zinazo zopanda mawaya) aphimbeni ndi nsalu yopyapyala. Ndipo kunena zoona, tom imodzi kapena ziwiri zakwana. Zinazo zitsitseni muike panja, chifukwa ngakhale osazimenya zimang'ung'udza zokha kick ikalira.

Tsopano nkhani imene ndikuona kuti ndiyo gwero la vuto lanu, ngakhale simunaitchule: womenya. Anyamata athu ambiri anaphunzirira ng'oma m'tchalitchi, momwe amalimbana ndi masipika akuluakulu, makiyibodi awiri ndi kwaya yonse. Dzanja linazolowera mphamvu, ndipo mzere uliwonse ukatha pamabwera roll (kumenya mothamanga kuzungulira ng'oma) ndi crash (mbale yachitsulo yolira kwambiri). Luso limenelo ndi lenileni, koma pa maikolofoni amodzi limawononga zonse. Cymbal, mbale yachitsulo yotereyi, ikamenyedwa mwamphamvu imadzaza chipinda, ndipo palibe batani pa kompyuta limene lingaichotse pambuyo pake. Pa kajambulidwe aka womenyayo ndiye akusakaniza mawu ndi manja ake. Muuzeni kuti hi-hat (mbale ziwiri zotsekeka ndi phazi) aziikhudza ndi nsonga ya kamtengo, mopepuka kwambiri, snare aziimenya pakati ndi mphamvu yofanana nthawi zonse, crash aiiwale mpaka pamene nyimbo yafunadi. Akapeza timitengo topepuka zimathandiza. Mumveretseni "In the Midnight Hour" ya Wilson Pickett, yojambulidwa ku Stax mu 1965, aone mmene snare ikugwera mochedwerako pang'ono pa 2 ndi pa 4 (mukamawerenga 1, 2, 3, 4 motsata nyimbo), ndi mmene Jackson akukhalira nthawi yaitali osachita china chilichonse koma kusunga mayendedwe. Kudziletsa koteroko n'kovuta kuposa roll iliyonse, ndipo womenya amene wakukwanitsa muzimulemekeza.

Chipinda chanu ndikuganiza kuti ndi cha simenti pansi, makoma osalala ndi malata pamwamba. Mawu amagunda khoma ili n'kubwerera ku linalo mofulumira, ndiye kusokosera mukunenako. Yalani kapeti kapena mikeka iwiri pansi pa ng'oma. Imikani matiresi m'makona awiri a kumbuyo kwa womenya. Pachikani mabulangeti olemera motalikirana pang'ono ndi khoma, ndi lina pamwamba pa ng'oma ngati mulibe siling'i. Matileyi a mazira musataye nawo nthawi, ndi opyapyala kwambiri moti mawu okhuthala amangodutsa. Ng'omazo zisakhale pakatikati pa chipinda.

Za maikolofoni ndi zachidule. Yoyamba iikeni kutsogolo kwa bondo lakumanja la womenya, pamwamba pang'ono pa kick, italoza ku snare, patali masentimita 30 mpaka 40. Pamenepo imamva kick, snare ndi tom pamodzi, ndipo ma cymbal amakhala pamwamba pake osailasa mwachindunji. Valani mahedifoni, womenya azimenya, inu muziisuntha pang'onopang'ono. Kusuntha kwa zala zitatu zokha kumasintha zambiri, choncho musathamange. Mukapeza pamene zonse zikumveka ngati nyimbo kale, imangeni pomwepo. Yachiwiri iikeni kutsogolo kwa kick, patali ngati chikhatho chimodzi, ingowonjezera kulemera. Kenako mverani ziwirizo pamodzi mu mono (zonse pakati), musindikize batani la phase (lotembenuza mafunde a mawu) pa imodzi mwa izo. Mbali imene kick yanenepa ndiyo yolondola. Musaope kuti njira imeneyi ndi ya umphawi. Gabriel Roth wa Daptone Records ku Brooklyn amadziwika ndi kujambula ng'oma ndi maikolofoni amodzi kapena awiri, ndipo gulu la kumeneko la Dap-Kings, Homer Steinweiss ali pa ng'oma, ndi limene linaimba m'nyimbo zingapo za chimbale cha Amy Winehouse cha 2006.

Plugin ili ndi malo ake, koma kumapeto. Ng'oma zonse zisiyeni pakati, osazimwaza kumanja ndi kumanzere. Dulani mawu a pamwamba kuyambira cha pa 10 kHz (muyeso wa kukwera kwa mawu), chifukwa nyimbo za nthawi ija sizinkakhala ndi kuthwanima kumene tinazolowera lero. Ikani saturation (plugin yokhuthalitsa mawu) yotsanzira tepi yojambulira pang'ono, mpaka snare itamveka yofewa m'mphepete, ndi compressor (yochepetsa mawu akakula kwambiri) yofinya ma dB (muyeso wa kukula kwa mawu) awiri kapena atatu. Zija zowonjezera phokoso la mbale yokandika zisiyeni. Oimba aja sankajambula ndi phokoso limenelo, linkabwera mbale ikakalamba.

Mukafuna kamchira ka mawu ngati ka Motown, iwo ankatumiza mawu ku sipika imene inali m'denga la nyumba, n'kuwatolanso ndi maikolofoni. Inunso mungatero. Ikani sipika m'khonde la m'nyumba kapena m'bafa lopanda kanthu, SM57 imodzi kumapeto kwina italoza kukhoma, lizani ng'oma munajambulazo, mujambule zobwererazo pa track (mzere wojambulirapo) yake, muzisakanize motsitsa kwambiri.

Ndipo ngati n'kotheka, woimba bass akhale m'chipinda momwemo pojambula, waya wake wolowa mwachindunji mu interface m'malo mwa maikolofoni ya kick ija. Mudzataya kulemera pang'ono kwa kick, koma awiriwo akamayang'anizana amagwera pamodzi mwa njira imene kusuntha ma track ndi mouse sikungakupatseni. Tambourine mudzaiwonjezere pambuyo, pa 2 ndi pa 4, woigwedezayo ataima mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera pa maikolofoni.