Chigawo cha sukulu chikathetsa kalasi ya ana anzeru zapadera: yankho kwa mayi wa ku Pennsylvania

Mayi, ndiyambe ndi kubwereza nkhani yanu mwachidule kuti ena owerenga atsatire. Mukukhala ku Pennsylvania m'dziko la America, ndipo mwana wanu wamkazi ali mu giredi 4 pasukulu ya boma. Zaka ziwiri zapitazo anamuyeza n'kupeza kuti ndi wanzeru zapadera, choncho ali ndi GIEP, chikalata cha ndondomeko ya maphunziro ake payekha, chimene chimamupatsa maola awiri pa sabata ndi mphunzitsi wapadera komanso masamu a giredi yotsatira. Tsopano akuluakulu a chigawo cha sukulu alengeza kuti chaka chamawa kalasi yapaderayo ithetsedwa ndipo ana onse azilandira ntchito yowonjezera m'makalasi mwawo momwemo. Mwasaina nawo madandaulo a makolo pa intaneti, mwalankhulapo pamsonkhano wa bodi yoyendetsa chigawocho, ndipo mukufunsa ngati mungasumire chigawocho kukhoti la boma lalikulu la America. Kumapeto kwenikweni kwa kalata yanu, ngati nkhani yongodutsa, mwatchula kuti msonkhano wa GIEP utatha munalandira papositi pepala lotchedwa NORA, ndipo simunaliyankhe chifukwa alamu anu anati mukapanda kusaina palibe chimene chingasinthe.

Alamu anuwo alakwitsa, ndipo mlandu wanu wonse wagona papepala limenelo. NORA ndi chidziwitso chimene chigawo chimapereka kwa kholo chofotokoza malo ndi mtundu wa maphunziro amene akufuna kuika mwana. Malamulo a maphunziro a ana anzeru zapadera ku Pennsylvania ali mu Chaputala 16 cha gawo 22 la Pennsylvania Code, ndipo ndime 16.62 imapatsa kholo masiku 10 oyankha NORA yobwera papositi, kapena masiku 5 okha ngati analandira pamanja msonkhano wa GIEP utangotha. Amenewa ndi masiku a pakalendala. Loweruka ndi Lamlungu amawerengedwa, ndipo kutsekera sukulu sikuimitsa kuwerengako. Ndime yomweyo imafuna chilolezo cholembedwa cha kholo mwana akamayezedwa koyamba ndiponso akamaikidwa koyamba mu pulogalamuyo. Siimafuna chilolezo chotero pamene chigawo chikusintha ndondomeko ya mwana amene ali kale mkati. Zotsatira zake n'zakuti masiku aja akatha inu muli chete, chigawo chimatenga kuti njira yatseguka, ndipo kumapeto kwa Ogasiti sukulu zikamatsegulidwa mwana amayamba ndi GIEP yatsopano.

Chifukwa chimene ndikukakamira pa masiku amenewa chili mu ndime 16.61. Ndimeyi imati pamene mlandu uli mkati, kaya pamaso pa woweruza madandaulo a maphunziro kaya kukhoti, palibe chimene chingasinthidwe pa malo a mwana kapena pa GIEP yake pokhapokha mbali zonse ziwiri zitagwirizana. Kholo lilibe chida china champhamvu kuposa chimenechi. Mukatsegula mlandu GIEP yakale isanalowedwe m'malo, maola awiri aja ndi masamu aja amayenera kupitirira mpaka chigamulo chituluke, ngakhale bodi itavota kale kuthetsa kalasiyo, ndipo chigawo chimene chikuyenera kusunga mphunzitsi chifukwa cha mwana mmodzi kapena awiri chimayamba kulankhula mofatsa. Mukatsegula mlandu masiku atadutsa, ufulu wodandaula mumakhala nawobe, koma loya wa chigawo adzanena kuti ndondomeko imene ikugwira ntchito ndi yatsopanoyo, ndipo lamulo lomwe likanakutetezani lidzamangirira mwana wanu pa zimene mukukana kwa nthawi yonse ya mlanduwo. Ndaona milandu yabwino ikufera pamenepa, ya makolo amene anali ndi umboni wokwanira koma anathera masiku awo 10 akusonkhanitsa masiginecha ndi kulemba pa Facebook.

Msamphawu uli ndi mbali zina zitatu zimene zimagwira ngakhale makolo amene ayankha pa nthawi yake. Ena amachonga bokosi lakuti akuvomereza, kenaka n'kulemba ndi cholembera m'mphepete kuti avomera kwa kanthawi kapena kuti sakukondwa. Mawu am'mphepetewo sapulumutsa kanthu, chifukwa chimene chidzaonetsedwe pa mlandu ndi bokosi lochongedwalo. Ena amalembera imelo mphunzitsi wa m'kalasi kapena ahedi kuti sakugwirizana nazo, n'kumayesa kuti ayankha, chikhalirecho fomu yeniyeniyo ili m'chikwama. Enanso amachonga bwinobwino kuti akukana, amabweza fomuyo, koma osatsegula mlandu, poganiza kuti chigawo ndicho chidzawaitana. Chimene chimaimitsa kusintha ndi mlandu wotsegulidwa, osati kukana kokha. Choncho chongani kuti simukuvomereza ndiponso kuti mukufuna due process hearing, ndiko kuti mlandu womvedwa ndi woweruza madandaulo a maphunziro, bwezani fomuyo m'njira yosiya umboni wa tsiku, ndipo tsiku lomwelo tumizani pempho lolembedwa ku Office for Dispute Resolution, ofesi yoyendetsa milandu yotere ku Harrisburg, ndi kope lake kwa mkulu wa chigawo. Fomuyo imaperekanso mwayi wokambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo mwayiwo ndi wabwino komanso waulere, koma ine sindingaudalire paokha kuti uimitse kusintha pokhapokha chigawo chitalemba kuti GIEP yakale ipitirira pa nthawi ya zokambiranazo. Mungathe kupempha zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mukagwirizana mumangobweza mlanduwo.

Simunanene tsiku limene NORA inafika. Werengani kuyambira tsiku lolembedwa pakalatayo, osati limene munaitsegula, kuti musasiye mpata wa mkangano. Ngati masiku atha kale, chitanibe zonse ndanenazi msangamsanga GIEP yatsopano isanayambe kugwira ntchito, ndipo fufuzani ngati chidziwitsocho chinali chokwanira. Ndime 16.61 imafuna kuti kholo lidziwitsidwe molemba masiku 10 a sukulu kusintha kusanachitike, kuti chidziwitsocho chifotokoze zifukwa ndi njira zina zimene zinaganiziridwa, ndiponso kuti chikhale m'mawu omveka kwa munthu wamba, ndipo ngati kuli kofunika chifotokozedwe pakamwa m'chinenero cha khololo. Ngati Chingerezi cha pafomupo chinakuvutani ndipo palibe anakufunsani ngati mukufuna womasulira, limenelo ndi dandaulo loyenera kulitchula, ngakhale sindingakulonjezeni kuti woweruza adzaliona lolemera mokwanira kubweza masiku.

Za khoti la boma lalikulu, yankho ndi lalifupi. Lamulo la boma lalikulu lotchedwa IDEA limateteza ana olumala ndipo silikhudza mwana amene ndi wanzeru zapadera chabe. Lamulo lina la boma lalikulu, la Javits la 1988, limapereka ndalama za kafukufuku ndi mapulogalamu oyesera, koma silipatsa mwana aliyense ufulu woti n'kusumira nawo. Ufulu wa mwana wanu ukuchokera ku malamulo a Pennsylvania, ndipo m'pofunika kudziwa kuti madera ambiri a America alibe n'komwe chikalata chonga GIEP kapena njira yodandaulira ngati yanuyi. N'chifukwa chake malangizo a anzanu a ku New York kapena ku California muziwamvera mosamala. Mwana akakhala wanzeru zapadera komanso ali ndi ulumali wodziwika mwalamulo, nkhani imasintha, chifukwa zonse zimalowa mu IEP imodzi, chikalata cha ndondomeko ya maphunziro a mwana wolumala, pansi pa Chaputala 14 cha malamulo omwewo a Pennsylvania, ndipo chitetezo cha IDEA chimabwera. Kalata yanu sinatchule zotero.

Tsono mlandu wanu ndi wolimba motani? Bodi ili ndi mphamvu yosintha kapangidwe ka pulogalamu, ndipo palibe lamulo limene limati kalasi yapadera yotulutsa ana m'kalasi mwawo iyenera kukhalapo mpaka kalekale. Mukapita kwa woweruza n'kukanena kuti mukufuna pulogalamu yakale ibwerere kwa ana onse, mudzaluza, chifukwa iye amaweruza za mwana mmodzi. Chimene bodi ilibe ndi mphamvu yosintha GIEP ya mwana mwa kuvota. Mu 1988, pa mlandu wa Centennial School District v. Department of Education, khoti lalikulu la Pennsylvania linagamula kuti chigawo sichingapatse ana onse anzeru zapadera pulogalamu imodzi yofanana n'kunena kuti chakwaniritsa udindo wake, koma chiyenera kukonza ndondomeko yogwirizana ndi mwana payekha, kuphatikizapo kumupititsa patsogolo pa phunziro ngati akufunikira zimenezo. Ndime 16.41 imawonjezera kuti malo a mwana sangasankhidwe chifukwa chosowa aphunzitsi oyenerera, chipinda, kapena njira zina, ndiponso kuti zimene akulandira ziyenera kupitirira zimene mwana aliyense amalandira m'kalasi wamba. Mfundo yomalizayi ndi imene imavuta zigawo zimene zimalengeza zowonjezera za ana onse: ngati aliyense akuzilandira, n'chiyani chimene chakonzedwera mwana uyu? Ndime 16.23 nayo imati mwana aunikidwenso asanaganiziridwe zosintha malo ake. Simunatchule kuti zimenezi zinachitika, ndipo zimandidabwitsa kuti maofesi okhala ndi maloya awoawo amatumiza GIEP zofanana mawu ndi mawu kwa ana ambiri mwezi wa Meyi, n'kumayembekeza kuti palibe kholo limene lidzafanizire yake ndi ya mnzake.

Komabe chigamulo chomwecho cha 1988 chinaika malire. Khotilo linati chigawo sichikakamizidwa kusanduka yunivesite yotchuka ngati Harvard kapena Princeton kwa aliyense amene IQ yake, muyezo wa nzeru, yaposa 130, ndipo sichikakamizidwa kupereka mphunzitsi wa mwana mmodzi kapena maphunziro amene sali m'ndondomeko yake. Ngati chigawo chingaonetse ndi umboni kuti mphunzitsi wa m'kalasi adzapereka ntchito yokonzedwa motsatira msinkhu weniweni wa mwana wanu, ndi zolinga zoyezeka, woweruza angathe kuvomereza kusinthako. Mwa zinthu ziwiri zimene muli nazo, masamu a giredi yotsatira ndi amene ndikuona kuti n'ngosavuta kuteteza, chifukwa mwana amene wamaliza kale masamu a giredi 5 n'kovuta kufotokoza chifukwa chomubwezera kukawayambanso. Maola awiri aja n'ngotheka kuwataya kapena kuwasinthanitsa ndi china. Udindo wotsimikizira woweruza nthawi zambiri umakhala pa amene watsegula mlandu, ndiye kuti inuyo.

Musayembekezere ndalama. Chaputala 16 sichilamula chigawo kukubwezerani zimene mwalipira loya ngakhale mutapambana, mosiyana ndi IDEA, choncho yerekezerani mtengo musanalembe loya ntchito. Lamulo limakulolani kudziimira nokha ndi kubwera ndi munthu wodziwa za ana anzeru zapadera. Chipukuta misozi chimene chilipo ndi maola a maphunziro obwezera amene mwana anamanidwa, ndipo mu 1999, pa mlandu wa Brownsville Area School District v. Student X, khoti la apilo la Pennsylvania lotchedwa Commonwealth Court linati maolawo akhale mkati mwa maphunziro amene chigawo chimapereka kale, osati makosi a ku koleji. Makhoti a m'derali akhalanso akuchepetsa madandaulo otere kuti abwerere m'mbuyo chaka chimodzi chokha pokhapokha patakhala zifukwa zapadera, kutsatira mlandu wa Montour wa 2002, choncho maganizo akuti tidikire tione mmene chaka chiyendere ali ndi mtengo wake.

Zotsalazi ndi zachangu. Lembani kalata yopempha kuona fayilo yonse ya mwana, kuphatikizapo lipoti la kuyezedwa kwake ndi malipoti a mmene wakwaniritsira zolinga za GIEP. Lamulo la FERPA, lokhudza mafayilo a ophunzira, limapatsa sukulu masiku osapitirira 45, nthawi imene ndi yaitali kwa inu, ndiye tchulani kuti pali mlandu ndipo mukuifuna mwamsanga. Mlandu umayenera kumvedwa pasanathe masiku 30 chiperekereni pempho, ndipo chigamulo chituluke pasanathe masiku 45, ngakhale masikuwa amasunthidwa mbali ina ikapempha. Umboni uliwonse umene mukufuna kugwiritsa ntchito uperekedwe kwa mbali inayo masiku 5 mlandu usanayambe, apo ayi angathe kuukaniza. Funsani molemba kuti mphunzitsi wa ana anzeru zapadera amene atsale aziyang'anira ana angati, popeza malire ake ndi ana 65 pa mphunzitsi mmodzi ndi ana 20 m'kalasi yapadera. Akapitirira pamenepo, dandaulo lake limapita ku Bureau of Special Education ya dipatimenti ya maphunziro, ndipo makolo ena angachite chimodzimodzi. Chigawo chimayenera kukonza pulani ya maphunziro a ana anzeru zapadera zaka 6 zilizonse ndi kuiika poyera masiku 28 bodi isanaivomereze, choncho ifunseni n'kuifanizira ndi zimene alengeza. Kusaina pepala la opezeka pamsonkhano wa GIEP sikuvomereza kanthu, musakuope. Musathamangire kusamutsira mwana kusukulu ya charter, yoyendetsedwa payokha ndi ndalama za boma, chifukwa chokwiya, popeza Chaputala 16 sichigwira ntchito kumeneko ndipo GIEP siimutsatira. Makolo anzanu a m'gulu la madandaulo aja auzeni kuti aliyense ali ndi NORA yake ndi masiku ake, ndipo mlandu wanu suimitsa kusintha kwa mwana wa wina.

Mwalembanso kuti achibale akuti alendo m'dziko la eni sakangana ndi sukulu. Chaputala 16 chimanena za mwana wa msinkhu wa sukulu wokhala m'chigawocho ndi kholo lake, ndipo fomu yopempha mlandu ndi yofanana kwa aliyense. Ngati mukuopa kuti mphunzitsi adzamuona mwana ndi diso loipa, sungani makalata anu onse aulemu ndi achidule, ndipo muwalembere ku ofesi ya chigawo osati kwa mphunzitsiyo, amene mwina nayenso sanafunsidwe maganizo pa kusinthaku. Musanatumize pempho, lionetseni kwa loya wa zamaphunziro wa ku Pennsylvania pamodzi ndi GIEP zonse ziwiri ndi envelopu imene NORA inabweramo, koma ngati tsiku lokumana naye lili kuseri kwa masiku 10 aja, tumizani kaye pempholo, zokonza zidzabwera pambuyo.