Mtsikana wosaka ma vampire wa kuno kuchigwa: mujambuleni achemwali, koma 2017 musaiwale

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Bangula amene amakonda zojambulajambula. Akuti anaonera katuni ina ya ku Japan ya mtsikana wa lupanga wosaka ma vampire, zilombo zooneka ngati anthu zoyamwa magazi, inawagwira mtima, ndiye akufuna kupanga wawo woti nkhani yake izichitikira konkuno. Funso lawo lili pawiri: kodi angomutcha wosaka anamapopa, nanga anthu sadzanena kuti ndi zausatana?

Za usatanazo ndiyankha mwachidule. Kujambula nthano si kupembedza, agogo athu ankatisimbira za zilombo zomeza mudzi wathunthu ndipo palibe anawathamangitsa mu tchalitchi. Jambulani achemwali, ine zandisangalatsa kwambiri kuti mwana wamkazi wa kwathu kuno akuganiza zopanga katuni m'malo mongoonera za eni ake mu vidiyo sho.

Koma pa dzina la anamapopa pokhapo ndikupemphani muime kaye.

Vampire wa m'mafilimu anachokera mu zikhulupiriro za kum'mawa kwa Ulaya, ndipo anatchuka ndi buku la Dracula la Bram Stoker la mu 1897. M'bukumo wosaka ndi bambo wachikulire wophunzira, Van Helsing, atsikana a malupangawa abwera pambuyo. Ndiye chimene chimapangitsa kuti tizimuchemerera wosakayo n'chakuti mu nthanomo chilombocho chilipodi, mano ake tawaona, pa galasi sichioneka, adyo chimamuthawa, ndiye mtsikanayo akamabaya ife oonera tikudziwa kuti sakulakwitsa munthu.

Kuno kusaka anamapopa kunachitikadi, ndipo sikunali katuni ayi. Mu September ndi October 2017 mphekesera zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, kuno ku Nsanje nazo zinafika, anthu kumagona panja m'magulu, misewu kutsekedwa ndi miyala, galimoto iliyonse yachilendo kuikayikira. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu okwiya, ku Blantyre bambo wina wodwala khunyu anachita kuwotchedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo madokotala ananena poyera kuti panalibe umboni woti wina wapopedwa magazi. Zinachitikanso mu 2002 ndi 2003. Ndiye taganizani mwana wa ku Tengani kapena ku Makhanga akuonera mtsikana wokongola, wolimba mtima, akukhapa namapopa anthu n'kumaombera m'manja, mawa lake m'mudzi mwafika mlendo wanyamula chikwama, kapena wa zaumoyo wabwera kudzayeza malungo. Ine zimenezi zimandiopsa zedi, chifukwa amene amafa pa zinthu zotere amakhala mlendo, wodwala misala, nkhalamba yokhala yokha.

Maganizo anga ndi akuti chilombocho muchipange nokha, muchipatse dzina lanu, chikhale choti munthu akangochiona adziwe kuti si munthu. Chizituluka m'madzi a ku dambo la Elephant Marsh usiku, kapena m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo ikangowotchedwa. Nyengo yathu ikuthandizani yokha: mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu timagona pakhonde zitseko pululu, nthawi yabwino yoti zoopsa ziyambe imeneyo.

Ndipo mtsikana wanuyo mphamvu yake yaikulu ikhale kufufuza asanabaye. Mumupatse gawo limodzi loti mudzi wonse wagwira munthu wosalakwa, mwina mnyamata wa kabaza wochokera tsidya ku Mozambique, iye n'kuima pakati, mkondo m'manja, kuwauza kuti uyu ayi, chimene mukufunacho chili kudambo. Mu katuni munaonerayo mtsikana amangolimbana ndi chilombo basi, wanuyu azilimbananso ndi mantha a abale ake enieni, amalume ake omwe ali m'gulumo atanyamula chibonga. Pamenepo ine ndingaonere mpaka kumapeto osaphethira.

Maonekedwe ake musakopere. Lupanga lalitali lija ndi la kwawo ku Japan, wathu akhale mwana wa msodzi, wodziwa kupalasa bwato usiku osadzutsa mvuu, chitenje wamanga m'chiuno, tochi ya pa foni, polankhula azisakaniza Chimang'anja ndi Chisena ngati mmene timachitira pa msika wa Bangula. Chinthu china, Khulubvi musamulowetse mu zomenyana. Ndi malo opatulika a Mbona, eni ake alipo ndipo amawalemekeza, mukafuna kuwatchula kafunseni kaye akuluakulu.

Pa ntchito yeniyeniyo musathamangire filimu. Katuni yoyenda bwino imafuna zithunzi pafupifupi 12 pa sekondi imodzi, ndiye kuti 720 pa mphindi imodzi yokha, munthu mmodzi pa foni ndiye mutopa nkhani isanafike n'komwe pa dambo. Yambani ndi nkhani ya zithunzi papepala, masamba 8 kapena 10, muwajambule ndi kamera ya foni n'kutumizira anzanu pa WhatsApp muone pomwe akufunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Masamba oyambawo mukamaliza nditumizireni pa imelo yomweyi, ndikufuna ndione nkhope yake mtsikanayo.