Chifukwa chimene khansa ya m'matumbo imafikira kuchiwindi

Mayi, mwafunsa ngati opaleshoni ndiyo inafalitsa khansa ya bambo anu, popeza chotupa chinachotsedwa m'matumbo akuluakulu koma patangotha chaka, chotupa china chapezeka m'chiwindi. Nkhawa yanu ndi yomveka, komabe kawirikawiri maselo a khansa amakhala atachoka kale m'matumbo opaleshoni isanachitike, ali ochepa kwambiri moti makina ounikira sangawaone.

M'selo lililonse muli majini, ndiye kuti malangizo olembedwa mu DNA, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuletsa selo kugawikana mopyola muyeso. Jini lililonse lotere timalilandira kawiri, kwa mayi ndi kwa bambo, n'chifukwa chake wasayansi Alfred Knudson anafotokoza mu 1971 kuti chitetezo chimatha onse awiri akawonongeka. Mu 1990, asayansi Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anasonyeza kuti khansa ya m'matumbo imakula pamene majini angapo awonongeka pakapita zaka zambiri.

Jini loyamba kuwonongeka nthawi zambiri limakhala APC, la pa chromosome 5 (ma chromosome ndi timitolo ta DNA m'selo), lomwe limapezeka lowonongeka mwa odwala pafupifupi 80 pa 100 alionse. Puloteni yake imathandiza kuphwanya ina yotchedwa beta-catenin. Puloteni ya APC ikasowa, beta-catenin imaunjikana n'kumalamula selo kuti lizingoswana, ndipo pamatuluka kachotupa kotchedwa polyp, komwe sikanakhale khansa. Jini la TP53, la pa chromosome 17, limaimitsa selo limene DNA yake yawonongeka, kapena kulilamula kuti life. Likatha mphamvu, maselo oyenera kufa amapitiriza kuswana.

Pa funso lanu, limene ndimaliona lofunika kwambiri ndi SMAD4, la pa chromosome 18. Limanyamula uthenga wa puloteni yotchedwa TGF-beta wouza selo kuti lisiye kugawikana. Likatayika, selo la khansa silimveranso uthengawo, pamene TGF-beta yemweyo amapitiriza kufooketsa chitetezo cha thupi ndi kusintha minofu yozungulira chotupa, mpaka maselo amayamba kulekana ndi anzawo n'kulowa m'mitsempha. Magazi ochokera m'matumbo amadutsa kaye m'chiwindi kudzera mumtsempha wotchedwa portal vein, ndipo kumeneko ndi kumene maselowo amayamba kukodwa.

Chonde funsani adokotala ngati chotupa cha m'chiwindicho chingachotsedwe, chifukwa kwa odwala ena zimatheka, ndiponso muwafunse msinkhu umene inu ana awo muyenera kuyamba kuunikidwa m'matumbo.