Mafunso Anu: Mizimu m'Mafilimu a ku Cambodia

Funso: Mafilimu a chiyankhulo cha Khmer amene ndaonera achuluka mizimu. N'chifukwa chiyani? Nanga akale bwanji sapezeka?

Yankho: Pakati pa 1975 ndi 1979, mu ulamuliro wa Khmer Rouge, gulu la chikomyunizimu lomwe linkalamulira Cambodia mwankhanza, anthu oposa 1.5 miliyoni anafa, ambiri n'kukwiriridwa m'maenje popanda mwambo wa maliro. Kumeneko amakhulupirira kuti wakufa wotere sapumula. Chaka chilichonse, pa mwambo wa Pchum Ben wa masiku 15, mabanja amapereka mpunga kukachisi pokumbukira akufa awo. Choncho mzimu mukauona mufilimu musangoti ngoopseza. Nthawi zina amakhala m'bale amene sanaliridwe.

Za akalewo n'zomvetsa chisoni. Chisanafike chaka cha 1975 anajambula mafilimu mazanamazana, koma otsala ndi ochepa. Ena anawonongedwa pankhondo, ena anawola okha. Kutentha ndi chinyontho zimadya filimu ya acetate, mtundu wa pulasitiki womwe ankajambulapo mafilimu kale: imayamba kununkha ngati viniga, kenako imafota n'kumaphwanyika. Yotereyo muipatule msanga, chifukwa mpweya wake umawononga zinzake, ndipo muisunge pozizira, pouma.

Mafilimu otsalawo akuwasonkhanitsa ku Bophana Center, malo osungirako mafilimu ndi zithunzi zakale ku Phnom Penh, likulu la Cambodia, amene wopanga mafilimu Rithy Panh ndi anzake anatsegula mu 2006.