Yankho la Msuweni pa Nkhani ya Timafunde

Halo, halo... ikujambula iyi? Eya. Asuweni, ndaliona funso lako pagulupa. Akuti madzi akamangoyenda pang'onopang'ono, kukwera ndi kutsika osachita ukali, pa Chichewa timati chiyani. Ha! Iweyo unayamba liti kukonda Chichewa? Kusukulu unkakopera kwa ine. Komanso funso lomwe ulifunse 11 koloko usiku? Ine ndadziwa kale, nkhani ndi ya ulendo wa kwa apongozi ako uja, ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Loweruka layandikira ndiye mtima wayamba kugunda. Usakane, amayi ako anandiuza.

Chabwino, mawuwo ndikupatsa. Timati timafunde. Madzi akugwedezeka, ena amati akutekeseka. Akangokhala duu osasuntha, ndiye kuti nyanja yachita bata. Bwato likamatsamira uku ndi uku, likupendapenda. Koma ukamva asodzi akuti nyanja yawinduka, mafunde akugavira, pamenepo ndi nkhani ina, umangokhala pansi kumtunda kudya mandasi.

Zikundikumbutsa amalume a ku Jali, mzimu wawo uuse mumtendere. Ukuwakumbuka ndi chipewa chawo chija? Chofiira... ayi, chabulauni, chofiiracho chinali cha achimwene awo. Nthawi imeneyo ankagula matemba n'kumakagulitsa mumsika wa Zomba. Ndiye tsiku lina, nyengo ya mwera, Julaye wozizira uja, afika pa doko la Kachulu masana dzuwa litapendeka. Eni mabwato akuwauza kuti bambo, gonani, muwoloke mawa. Iwo n'kuyang'ana pamadzi paja, pafupi ndi njedza, udzu wautali womera m'madzi uja, akuona timafunde tikungonyambita gombe. Akuti "Timeneti? Ndi ta ana, ine ndinaona nyanja yeniyeni ku Mangochi." Ukudziwa mmene ankanenera mawu akuti Mangochi, ngati anakafika ku Ulaya.

Anapezeka mnyamata wina wofuna ndalama, anawatenga. Kungotuluka m'njedza muja, basi. Paja Chilwa si yakuya, malo ambiri ndi mamita 2 kapena 3 okha, ndiye mphepo ikawomba mafunde ake amabwera afupiafupi motsatizana, sakupatsa mpata wopuma, ndipo madzi amavunduka kukhala matope okhaokha. Amalume anayamba ndi kulamula mnyamata uja kapalasidwe. Kenaka chete. Kenaka nyimbo za kutchalitchi, munthu woti pakhomo la tchalitchi ankangodutsa. Chipewa chinapita ndi mphepo. Anakagona pa zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi tija, usiku wonse udzudzu ukuwadya, iwo atagwira mtengo osausiya. Pobwerera azakhali anangowafunsa kuti chipewa chili kuti. Akuti ndapatsa munthu wovutika. Haha! Mpaka lero azakhali akafuna kuseka amangoti "munthu wovutika".

Dikira, sizinathere pomwepo. Mu 1995 nyanja itauma, iwe unali wakhanda... ayi, unali usanabadwe, wakhanda anali mlongo wako. Inauma mpaka pansi kung'ambika ming'alu, monga akuti inachitira mu 1968. Paja nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulukira, imangodalira Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina yothiramo, mvula ikavuta nayonso imatha. Anthu akulira kuti matemba, makumba ndi milamba zapita, amalume atenga njinga yawo, ulendo wa ku Chisi pouma. Kubwerako fumbi mpaka m'nsidze, akuti "Ndaigonjetsa." Nyanja yoti mulibe madzi! Mu 2018 itaphweranso ndinawakumbuka kwambiri.

Aa, ndalankhula nthawi yaitali, foni yatentha. Chimene ndikufuna kunena ndi ichi: pita, koma uwoloke m'mawa. Timafunde tija sitimiza munthu, bwato limangokugwedeza ngati mwana kumsana. Choopsa ndi mphepo ya masana, makamaka miyezi ino ya mwera. Ndiye 6 koloko ikupeze uli pa Kachulu. Ukwere boti la injini, osati bwato la mtengo, ndipo ukaona adzaza anthu, matumba ndi njinga mpaka madzi kufika m'milomo mwa boti, tsika, udikire lina. Ngati ali ndi majekete oyandamitsa aja, vala, usachite manyazi kuti diresi ikwinyika. Anthu a kwa apongozi akowo sakudikira diresi.

Komanso usafunse wolandira ndalama ngati nyanja ili bwino, ameneyo adzati ili bwino ngakhale ikugavira. Funsa amayi oyanika matemba pagombe, amenewo sanama. M'mawa, wamva? Pobwerera chimodzimodzi, akakuumiriza nsima ya masana, idya, ugone komweko, uwoloke kukacha.

Alamu anga pagulupa, musamuseke mwanayu, inunso tikudziwa zimene munachita pa damu la Mulunguzi. Iwe msuweni, Loweruka m'mamawa, osati masana. Undibweretsere matemba a ku Chisi, osati ogula pa Matawale, ndimawadziwa.