Tifunseni za Masewero: Chinachitika N'chiyani mu 1871?

FUNSO

Zikomo akulu a tsamba lino. Ine ndimanyamulira anthu zikwama za ndodo pabwalo la gofu kuno ku Blantyre. Tsiku lina tikuonera mpikisano wa The Open pa kanema, anaonetsa mndandanda wa opambana kuyambira 1860, koma pa 1871 panalibe dzina la munthu. Mnzanga akuti kunali nkhondo, ine ndikuti wina anaba chikho. Tabetcherana fanta awiri. Akulondola ndani? Nanga chikhocho chimaonekeranji ngati jagi ya madzi ya patebulo?

Wonyamula zikwama, Blantyre

YANKHO

Achimwene, fantayo aliyense adzigulire yekha, chifukwa nonse mwaphonya. Mnzanuyo si kuti walota ayi: nkhondo inaimitsadi mpikisanowu kuyambira 1915 mpaka 1919, kenako 1940 mpaka 1945, ndipo mu 2020 unaima chifukwa cha mliri uja. Koma mu 1871 ku Scotland kunali bata. Inunso mwayandikira pang'ono, poti mphotho inasowadi. Kungoti sinabedwe, ndipo sichinali chikho. Anali lamba, ndipo mnyamata wa zaka 19 anapita naye kwawo masanasana, mabwana onse akuwomba m'manja.

Ndiyambire kumbuyo, chifukwa nkhaniyi ikukhudza ntchito yanuyo kuposa mmene mukuganizira.

Mu 1859 ku St Andrews kunamwalira Allan Robertson, munthu amene aliyense ankavomereza kuti pa gofu panalibe wofanana naye. Sanali bwana. Ankapanga mipira, ankanyamulira olemera ndodo, ndipo ankasewera masewero a ndalama amene mabwanawo ankabetcherana. Atamwalira, funso linali lakuti katswiri tsopano ndani. A kalabu ya Prestwick, kumadzulo kwa Scotland, motsogozedwa ndi James Ogilvie Fairlie, analembera makalabu ena kuti atumize onyamula zikwama awo odziwa kusewera, makamaka a khalidwe labwino. Mwamva? Mpikisano wakale kwambiri mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya gofu unayamba ngati mpikisano wa anzanu a ntchito.

Anabwera anthu 8 okha. Linali tsiku la 17 Okutobala 1860. Bwalo la Prestwick linali ndi maenje 12, osati 18, choncho analizungulira katatu tsiku limodzi kuti akwanitse maenje 36. Ndipo poti mabwana sankakhulupirira kuti anthu otere angawerenge okha moona mtima, osewerawo ankatsatidwa ndi owalembera mmene amenyera. Anthu ambiri ankayembekezera kuti apambana ndi Tom Morris, amene ankasamalira bwalolo kuyambira 1851 ndipo ankalidziwa ngati khonde la nyumba yake. Koma Willie Park wa ku Musselburgh anamenya ka 174, Morris ka 176. Park anapatsidwa lamba wa chikopa chofiira wokhala ndi zokongoletsa za siliva, wogulidwa pa mapaundi 25. Ndalama sanalandire ngakhale khobidi. Lambayo naye anali wongobwereka, pokhapokha munthu atapambana zaka zitatu zotsatizana, apo ndiye akhale wake. Amene analemba lamulo limenelo ndikhulupirira ankaona ngati sizingachitike iwo ali moyo.

Chaka chotsatira analola kuti nawonso mabwana osewera mongosangalala alowe, n'kulengeza kuti mpikisano ndi wotsegukira aliyense. Dzina loti Open linachokera pamenepo. Koma ngakhale zitseko zinatseguka, opambana anakhalabe omwe aja a manja okhakhala kwa zaka pafupifupi 30.

Zaka zoyambazo lamba ankangosinthana pakati pa Park ndi Morris, kupatula 1865 pamene anapita kwa Andrew Strath. Morris anapambana mu 1861, 1862, 1864 ndi 1867. Mu 1862 anasiya womutsatira ndi kamenyedwe 13, mpata umene palibe anaupitirira m'mipikisano ikuluikulu mpaka Tiger Woods mu 2000. Mu 1867 anali ndi zaka 46, ndipo mpaka lero palibe wamkulu kuposa pamenepo amene anapambanapo The Open. Ndalama zinayamba kuoneka pang'onopang'ono: mu 1864 wopambana analandira mapaundi 6.

Tsono kunyumba kwa Morris kunkakula mwana, dzina lake Tom nayenso. Pofuna kusiyanitsa, anthu anayamba kutchula bambo kuti Old Tom, mwana Young Tom. Pali kanthu kamodzi kamene ambiri amakadumpha pofotokoza za mwanayu, ndipo ndi mpira. Bambo ake anaphunzira gofu ndi mpira wachikopa wosokedwa ndi manja, woyikamo nthenga zowiritsa zodzaza chipewa chathunthu, zokanikizidwa ndi chitsulo mpaka kulimba. Mmisiri ankapanga itatu kapena inayi patsiku, mtengo wake unali wa olemera okha, ndipo ukaumenya molakwika ndi ndodo yachitsulo unkang'ambika. Choncho anthu a m'badwo umenewo ankamenya mosamala, mongousesa. Cha m'ma 1848 kunabwera mpira wa gutta-percha, utomoni wouma wa mtengo wa ku Malaya, wotchipa komanso wolimba. Robertson anadana nawo poti unkamuphera malonda, ndipo atapeza Old Tom, amene anali wantchito wake, akusewera ndi mpira watsopanowo, ubale wawo wa ntchito unathera pomwepo. N'chifukwa chake Old Tom anasamukira ku Prestwick. Mwanayo, wobadwa mu 1851, sanadziwepo mantha ong'amba mpira. Ankaumenya ndi mphamvu zonse, ndipo ndodo zachitsulo zimene akulu ankasungira potulutsa mpira pamalo oipa, iye ankaponyera nazo mpira pafupi ndi dzenje.

Mu 1868, ali ndi zaka 17, anapambana, ndipo wachiwiri anali bambo ake omubereka. Palibe wamng'ono kuposa pamenepo amene anapambanapo mpikisano waukulu wa gofu. Mu 1869 anapambananso, ndipo pa dzenje la nambala 8 analowetsa mpira ndi kumenya kamodzi kokha. Mu 1870 ndiye anachita zoti ngakhale lero ndimati ndikaziganizira ndimapukusa mutu. Dzenje loyamba la Prestwick linali lotalika mayadi 578. Inu mumayenda mtunda wotere tsiku lililonse chikwama chili paphewa, mukudziwa kuti abwana anu ambiri amafika ndi kamenyedwe 6 kapena 7, ali ndi ndodo zamakono. Mnyamatayu, ndi ndodo za mtengo ndi mpira wa utomoni, analowetsa pa kumenya kwachitatu. Anamaliza maenje 36 ndi 149, kusiya wachiwiri ndi 12. Katatu kotsatizana kanakwana, lamba n'kukhala wake.

Apa ndiye pali yankho lanu. Mu 1871 panalibe choti anthu apikisanirane. A Prestwick anakambirana, ena akuti tigule lamba wina tokha, ena akuti makalabu ena athandizeko mtolowu, ndipo chaka chinatha akukambiranabe. Za misonkhano yotere nafenso kuno sitingaseke anzathu. Anagwirizana mu Seputembala 1872, kutangotsala masiku awiri kuti asewere: Prestwick, Royal and Ancient ya ku St Andrews, ndi Honourable Company of Edinburgh Golfers imene inkasewerera ku Musselburgh, aliyense asonkhe mapaundi 10 ogulira chikho, ndipo mpikisano uzizungulira pa mabwalo atatuwo.

Za jagi mwaona bwino, ndi jagi ndithu, koma si ya madzi. Mabwana a nthawiyo akamadya ankathirirana vinyo wofiira wa ku Bordeaux, amene iwo ankamutcha claret, kuchokera m'jagi ya siliva ya khosi lalitali. Amisiri a Mackay Cunningham a ku Edinburgh anapanga chikhocho motengera jagi yotero, n'chifukwa chake dziko lonse limachitcha Claret Jug ngakhale dzina lake lolembedwa ndi Golf Champion Trophy. Mphotho ya onyamula zikwama inasanduka chiwiya cha patebulo la mabwana, tebulo limene opambanawo sankaloledwa kukhalapo. Ndipo lamulo lija la katatu analichotsa. Jamie Anderson anapambana 1877, 1878 ndi 1879, Bob Ferguson 1880, 1881 ndi 1882, koma onse anabweza chikho.

Mu 1872 anapambananso Young Tom, kachinayi kotsatizana, koma jagi inali isanathe kupangidwa, anangomupatsa mendulo. Woyamba kuilandira m'manja anali Tom Kidd mu 1873, pa St Andrews, bwalo lili madzi okhaokha chifukwa cha mvula. Kidd anali wonyamula zikwama wa pomwepo.

Mathero a Young Tom ndi omvetsa chisoni. Mu Seputembala 1875 iye ndi bambo ake anali ku North Berwick, akusewera ndi Willie Park ndi m'bale wake Mungo, pamene kunabwera telegalamu yoti Margaret, mkazi wa Young Tom, wavutika pochira. Anawoloka nyanja pa boti kuthamangira kwawo, koma mayi ndi mwana yemwe anali atatisiya kale. Pa Khrisimasi chaka chomwecho Young Tom anapezeka atamwalira m'nyumba ya bambo ake, ali ndi zaka 24. Old Tom anakhala ndi moyo mpaka 1908, ndipo anaona mpikisano wake uja ukusintha: John Ball, Mngelezi wosasewerera ndalama, akupambana mu 1890, maenje akukwera kufika pa 72 mu 1892, ndi mpikisano ukutuluka m'Scotland koyamba mu 1894 kupita ku Sandwich ku England.

Lamba uja lero akusungidwa ndi a Royal and Ancient ku St Andrews. Ulendo wina kanema akadzaonetsa jagiyo pafupi, mumuuze mnzanuyo kuti dzina loyamba kuzokotedwa pamenepo ndi la Tom Morris wamng'ono, pa chaka cha 1872.